Mapakeji Atatu Amene Akusowa

Okondedwa achimwene a Gregorio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, amayi mwendo uja wayamba kupepuka. Koma ine mtima suli m'malo, ndipo chakudya sichikulowa kuyambira Lolemba.

Mukudziwa kuti pachipatala chathu chaching'ono chija, kuseri kwa phiri, ndine ndimasunga mbiri za odwala mu kompyuta. Lolemba m'mawa pulogalamu yake inakana kutseguka. Inangolemba mzere umodzi wofiira, wonena kuti pali chinthu chimene sikuchipeza.

A Mirriam, anamwino aakulu, atandifunsa, ndinati mwina ndi mphenzi ya Loweruka. Achimwene, ndinanama. Sabata yatha kompyuta inkadandaula kuti malo atha. Inandionetsa mndandanda wa mapakeji, timapulogalamu ting'onoting'ono tija timene pulogalamu yaikulu imadalira, n'kunena kuti sakufunikanso. Inafunsa ngati ichotse. Ndinavomera osawerenga n'komwe.

Nditakhazika mtima pansi ndinakumbukira zimene munandiphunzitsa mutabwera pa tchuthi, kuti munthu asamangoika zinthu mwachisawawa, ayambe waona chimene chilipo ndi chimene palibe. Ndinapeza fayilo yotchula zonse zimene pulogalamuyo imafuna, mayina makumi anayi ndi limodzi. Ndinawakopera m'kope, kenako n'kumafunsa kompyuta dzina limodzilimodzi ngati lilimo. Lopezeka ndinkalichonga. Pomaliza anatsala atatu.

Paja kuchipatala kulibe netiweki. Lachiwiri masana ndinakwera phiri mpaka pamwala pamene foni imagwira, n'kutsitsa atatuwo, kuwaika pa fulashi. Awiri analowa bwinobwino. Pakeji yachitatu inakana, akuti nayonso ikufuna zinzake ziwiri zimene palibe. Lachitatu ndinakweranso. Imodzi inalowa, inayo akuti ndi yatsopano kwambiri, pakufunika yakale. Ndikuopa kuti ndikaikakamiza ndiwononga ndi mbiri zomwe za anthu.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi ichi. Dzulo kunabwera mayi wina, a Rakele, wogwira ntchito pa esiteti ya fodya, kwawo ku Phalombe. Mwana wawo wamkazi, Mphatso, amadwala khunyu. Buku lake la kuchipatala linanyowa nyumba itadontha, zolemba zonse zinafufutika. Mayiwo sadziwa dzina la mankhwala, amangoti ndi timapiritsi toyera. A Mirriam anati sangapereke mongoganizira, chifukwa adokotala oyendera anasintha mlingo mwezi watha, ndipo zimenezo zili mu kompyuta mokha.

A Rakele sanakalipe. Anangokweza dzanja la mwanayo kundionetsa chipsera, n'kundifunsa kuti makinawo adzuka liti, mwana asanagwerenso pamoto.

Lero m'mawa ndinapita kwa a Mirriam n'kuulula zonse. Anati za bodza langa tidzakamba pambuyo, panopa ndipeze chosowacho. Ndi ukulu wawo womwewo anakwera nane phiri, akupuma pa mtengo uliwonse. Adokotala aja atawaimbira anati sangakumbukire mwana mmodzi pakati pa mazana. Wokonza makompyuta wa kuboma akuti ali ku Ntchisi, sabwera mpaka sabata yamawa.

Ndiye ndagwira mwendo wanu, achimwene. Kuseri kwa pepalali ndalemba dzina la pakeji yotsalayo ndi nambala imene ikufunika. Ndijambula mbali zonse ziwiri n'kukutumizirani pafoni. Mundiuze komwe ndingaipeze. Koma makamaka mundionere ngati kumbuyo kwake sikukubisala ena, kuti ndikatsika nditsike nawo onse. Ndikhala pamwala pompano mpaka dzuwa litapendeka, ndipo mukapanda kuyankha ndibweranso mawa m'mamawa.

Amayi musawauze kaye. Akudziwa kuti ndine mwana wosamala pantchito, ndikufuna ndiwauze ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Margareta ndi ana onse. Mulungu akusungeni kuchilendoko. Mukamapemphera musayambe ndi ine, muyambe ndi Mphatso. Mapiritsi ake adzatha Lamlungu likubwerali.

Ndine mlongo wanu,
Lenia