Bonongwe wa Amalume

Alongo anga okondedwa,

Kuno ku Kitwe tili bwino, kupatula bondo la amayi. Kaya inu kumeneko?

Chiwachotsereni ntchito ku mgodi, amalume akulima masamba. Feteleza anawakanika, ndiye amathira manyowa a nkhuku n'kumati "oganiki". Ndinalembetsa kuti azindigulitsa bokosi la masambawo Loweruka lililonse, kuopa kuti ana awo angasiye sukulu.

Amayi atatsegula loyamba anafuula: "Iwe, digiri yonseyo ukugula bonongwe? Si uyu wadzaza kuseri kwa nyumbayu?"

Musade nkhawa, ana akuphunzira, pakuti madona olemera a ku Parklands akuchita kulimbirana masambawo. Bonongwe atachepa kumunda, amalume anayamba kugula kwa amayi. Tsopano ndimadya wakuseri kwa nyumba yanga yomwe, atayamba wazungulira tauni pa njinga.

Mutitumizireko mbewu za luni. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Fabiano