Zimbale za Fermín Zalanda Chipinda cha Mayi

Okondedwa achemwali Nélida,

Ndikhulupirira muli bwino ku Valencia. Kuno ku Rosario kukutentha koopsa.

Mlongo wathu Fermín wagulanso zimbale za galamafoni, zija za Ajeremani zotulutsidwa kachiwiri, zolira ngati chigayo. Akuti kutentha kumazipinda, ndiye waziika m'chipinda cha mayi, momwe muli makina oziziritsa mpweya. Mayi wawasamutsira kuchipinda choyandikana ndi khitchini. Bambo wandevu zake!

Nditamufunsa anati, "Asisi, chimbale chikapindika sichiwongoka. Amayi fani iwakwanira."

Ndinamukumbutsa zimene adokotala ananena za mtima wa mayi, kuti sufuna kutentha. Iye anangokweza nyimbo.

Mayi akuti, "Msiyeni mwana." Koma chakudya akungochiyang'ana. Munati mudzabwera pa Isitala. Musadikire Isitala.

Ine mng'ono wanu,
Delfina