Geya, Akutero Madala

Lolemba, 13 Juni

Paipi ya rediyeta yaphulika. Ndimachokera kothirira ng'ombe madzi, ndangoona nthunzi tolo pa boneti, ndi fungo lija ngati shuga wopserera. Mwayi ndinali nditafika kale pageti la kunyumba. Ndi paipi yam'mwamba, yang'ambika kutalika ngati chala changa.

Chitsime cha kubusa chinauma mu Epulo. Ng'ombe 22, mamailosi 14 kuchokera pano, zimamwa madzi okhawo amene ndanyamula ine pa thanki ya pagalimoto imeneyi. Lero ndadzaza chomwera chawo mpaka pakamwa. Masiku atatu amenewo. Dzuwa likapitiriza chonchi, awiri ndi theka.

Makaniko wa kutauni ya Springer akuti mpaka Lachiwiri la sabata yamawa. Ndati ng'ombe zanga sizidziwa kalendala. Waseka. Ine sindimaseka.

Amuna anga a Leandro anali pakhonde, pampando wawo, akuonerera zonse. Zaka 41 m'banja, wotsegula boneti anali iwo, ine ntchito yanga kugwira tochi ndi kukalipiridwa kuti ndikuwunika polakwika. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja linafa, mawu anasokonekera. Supuni ndi "kavalo". Nsapato ndi "kavalo". Ine ndemwe "kavalo". Galu atayandikira madzi obiriwira amene anatayika pansi, amenyetsa ndodo n'kukuwa "Kavalo!" mpaka galu wathawa. Ndakwirira ndi mchenga, paja madzi amenewa ndi poizoni.

Lachiwiri, 14 Juni

Ndakulunga tepi, ndamangapo waya. Yayenda mpaka pamlatho, yaphulikanso. Kubwerera kwake kuima, kudikira izizire, kuthira madzi, kuyenda pang'ono, kuimanso. Tsiku lathunthu lapita chifukwa cha nzeru zanga.

Lachitatu, 15 Juni

Komadre Rufina, amene anamugwira mwana wanga Marisela paubatizo, wanditengera ku Springer pa kagalimoto kake. Njira yonse nyimbo imodzi. "Komadre, gulitsani basi. Onani aneba anu a Telesforo anagulitsa zawo, pano akunenepa." Ndati a Telesforo ananenepa kale ng'ombe zilipo.

Bambo wa m'sitolo: "Yam'mwamba kapena yapansi, mayi?" Ndamuonetsa chithunzi pafoni. Paipi imodzi, tizitsulo tiwiri tomangira, zigubu ziwiri za madzi oziziritsa injini. Akuti, "Pali wokuikirani kunyumba?" Ndati alipo, dzina lake Ofelia Trujillo, ndipo waima patsogolo panu.

Kudzitama n'kosavuta. Paipi yakale inakakamira pakhosi la rediyeta ngati nkhupakupa. Ndamasula zomangira, kupotokola, kukoka, osasuntha ngakhale pang'ono. Mapeto ake ndaing'amba m'litali ndi mpeni wosendera mbatata, n'kuisenda pang'onopang'ono kuopa kuswa khosilo. Ndapala dzimbiri. Yatsopano ndaikankha mpaka zala kutuluka magazi, yalowa mbali zonse ziwiri, ndawongola msana monyada. Kuyang'ana pansi, zomangira ziwiri zija zili phee pamwala. Zimayenera kulowa kaye kupaipi. Ndatukwana mawu amene sindilemba muno. Kuchotsanso, kuikanso.

Ndathira madzi mpaka pakamwa, ndatseka. Kuliza injini, osadontha n'dontho lomwe. Ndavina pabwalo ndekha, ine nkhalamba. Madala pakhonde akumenya ndodo: "Geya. Geya." Mawu atsopano. Ndawasisita pamsana, ndati mwadya nyemba zambiri inu, n'kunyamuka ndi thanki yodzaza.

Mamailosi anayi okha, pamtengo waukulu wa m'mbali mwa msewu, kamuvi ka kutentha kafika pofiira. Paipi ndi youma, palibe pothonya. Ndiye chavuta n'chiyani? Ndabwerera. Ngati ndapsereza injini dzulo lija, zatha.

Lachinayi, 16 Juni

Kutacha ndayesanso. Pofiira pomwepo, pamtengo womwewo.

Rufina wabwera, tadzaza chilichonse chokhala ndi chivundikiro: zigubu, mabotolo, mpaka mphika wake wophikira pa maukwati. Kagalimoto kake kamathera pageti la kubusa, kupitirira apo ndi miyala. Tasenza. Chomwera chauma, pansi matope ong'aluka, ng'ombe zikunyambita chitsulo. Zitationa zathamanga, zikulira ndi mawu osasa amene sindinazimvepo. Madzi athuwo atha ndisanatsitse chigubu chomaliza. Zamphamvu zamwa, zofooka zangonunkhiza. Paloma, ng'ombe yokalamba imene madala anailera ndi botolo, yaima patali mutu uli pansi. Sinalimbane nawo n'komwe.

Rufina sananene kuti gulitsani. Bola akananena.

Masana Marisela wayimba kuchokera ku Albuquerque. Wapeza kale wogula, abwera ndi lole Loweruka m'mawa. "Mama, mukuzizunza ziweto, mukudzizunza nokha. Mukusungira ndani? Ababa sakudziwanso ngakhale kuti ali ndi ng'ombe." Foni inali pa sipika, madala ali pomwepo patebulo. Ndipo ine ndati, "Ndikudziwa, mwanawe." Ndatero ine, pamaso pawo.

Nditadula foni ayambanso. "Geya. Geya!" Ndawatsegulira soda kuti mpweya utuluke. Ayang'ana sodayo, andiyang'ana, n'kuponya kapu kukhoma. Ndakuwa. Ndati ng'ombe zanu zikufa inu mukundivutitsa ndi mimba yanu, mukufuna ndife ine kaye? Misozi yawo imatsika mbali imodzi yokha.

Chakudya chamadzulo palibe wadya. Ndatopa, Mulungu wanga, ndatopa. Loweruka zipite, bola zipite zamoyo.

Lachisanu, 17 Juni

Ndilembe bwinobwino, ndisaiwale kanthu.

Ndinadzuka bedi la madala lili lopanda munthu. Pakhonde palibe, mpando wagwa. Ndinawapeza pagalimoto, munthu amene chichokereni kuchipatala sanatsikepo masitepe atatu aja yekha. Bondo lachubuka, thalauza ili fumbi lokhalokha. Boneti ndinaisiya yotsegula dzulo. Anatsamira chifuwa pagalimoto, dzanja lamanzere lili pa paipi yanga yatsopano, akufinya, kusiya, kufinya, kusiya.

Ndinati tiyeni m'nyumba, mugwanso. Anandikankha ndi chigongono. Analoza chitsekero cha rediyeta. Analoza kachitunda ka kuseri kwa khola. Kenako anapinda dzanja pachifuwa ngati wanyamula khanda, n'kumasisita mpweya.

"Geya," anatero. "Mwana."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Marisela ali wakhanda ndinkamuyamwitsa, iwo n'kumuika paphewa mpaka ageye, ndipo ankanena kuti galimoto n'chimodzimodzi: ukaimwetsa madzi atsopano imameza mpweya, ukapanda kuigeyetsa imatentha thupi. Ndinamva zimenezi kangati nditagwira tochi? Masiku awiri munthu akundiuza chochita, ine n'kumamupatsa soda.

Ndinaimika galimoto pachitunda, mphuno m'mwamba. Chitsekero ndinachotsa injini isanatenthe. Ndinaliza, ndinatsegula chotenthetsera m'kati monga analozera. Ine kufinya paipi, iwo atakhala pa ndowa yovundikira, ndodo ili m'manja ngati kapitawo. Kwa nthawi yaitali, zii. Kenako thovu limodzi. Lina. Kenako gwa! chithovu chachikulu, madzi anatsika mpaka osaoneka. Theka la chigubu linalowa pamene ndinkati ndadzaza.

Madala anaseka. Kukamwa kokhota, malovu akutsika, koma kuseka kwawo komwe kuja kondinyoza. "Kavalo," anatero akundiloza. Ndinati lero lokha ndavomera.

Kuwakweza kutsogolo kunali ntchito, koma kuwasiya sindikanatha. Tinadutsa pamtengo paja tonse maso ali pa kamuvi. Pakati. Pamlatho, pakati. Pageti la kubusa, pakati.

Ndinatsegula mpopi wa thanki, ng'ombe zikukankhana, zina kuponda m'chomwera momwe. Ndinawerenga. 21. Ndinawerenganso, 21. Ndinayang'ana chigwa chonse, palibe. Ndiye ndinamva chitseko cha galimoto chikumenyedwa. Dzanja la madala lili pawindo, chala chikuloza kukhwawa lakumadzulo, kumene kulibe chooneka koma miyala.

Sindinafunse. Ndinatunga ndowa n'kutsetsereka kumene chalacho chinkaloza.

Paloma anali atagona pansi pa kamtengo, pamalo pamene ankaberekera chaka chilichonse, ine n'kuti nditaiwala. Akupuma. Ndowa yoyamba ndinachita kumuthirira pamphuno. Yachitatu anamwa ataimirira.

Tapanga maulendo atatu lero. Zala zatupa, cholembera chikundivuta kugwira. Marisela wayimba kanayi, akufuna kudziwa nthawi yoti lole ifike. Ndimuyimbira tsopano, ndimuuze kuti lole isabwere. Foni ndiwapatsa bambo ake.