Zimene Achimwene Anayankhula ku Khonsolo

Lachisanu, 18 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu, komanso ndikudziwa kuti achimwene akuimbirani kale ndipo nkhaniyi mwaimva mbali yawo. Werengani yanga mpaka kumapeto, mukatero mundikalipire bwinobwino.

Zithunzi za abambo zimene ndimakutumizirani ndimajambula m'mawa, nditawasambitsa, nditawapesa, nditawakhazika pakhonde. Zimene zimachitika ndisanajambule simuziona. Chichitikireni sitiroko yachiwiri ija, mkono ndi mwendo wakumanzere zinasiyiratu, ndipo mutu nawo umapita n'kumabwera. Kuwachotsa pabedi n'kuwaika panjinga yawo ya olumala ndi ine, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda ndi ine, matewera ndi ine. Munthu amene ankasoka masuti a tauni yonse lero batani limodzi limamuliza. Saluni yanga ndimatsegula mochedwa n'kutsekanso masana. Tsiku lina ndinasiya mayi wina mankhwala ali m'mutu chifukwa aneba anaimba kuti abambo agwa. Mayiyo tsitsi linathothoka, ndipo pochoka anatenga anzake onse.

Mukuwakumbukira a Sisitala, namwino wamkulu uja ankabwera kudzabaya malemu amayi jakisoni? Atapuma ntchito anagula nyumba ija inali loji, mumsewu womwe akukhalamo achimwene, kuti ikhale yosamaliramo okalamba. Anagumula masitepe n'kuika potsetsereka, anaika zogwirira kubafa, anapeza atsikana ophunzira ntchitoyo. Anandionetsa chipinda chimene ankati chidzakhala cha abambo, chawindo loyang'ana kumsewu, poti abambo amakonda kuona anthu akudutsa n'kumanyoza mathalauza awo. Chinatsala ndi chilolezo cha khonsolo basi. Dziwani kuti nthawi yonse imene nyumbayo inali loji, amuna akulowamo masanasana ndi akazi a eni ake, palibe munthu wa mumsewumo anadandaulapo.

Sabata yatha ndinapempha aneba kuti andikhalire ndi abambo, ine n'kupita ku holo ya khonsolo kukamvera komiti yoona za mapulani. Achemwali, ndikanadziwa ndikanakugulirani tikiti kuti mudzaone anthu amene amatilamulira. Anakhala kutebulo lalitali, aliyense botolo la madzi patsogolo, mimba zitatsamira tebulo. Wina anali atagona msonkhano usanayambe. Mayi wina khansala ankaonera kanema pafoni, mawu atatsitsa pang'ono chabe. Wapampando ndi wamkulu kuposa abambo, koma tsitsi lake lakuda bii. Ine ntchito yanga ndi ya tsitsi, ndinaona utoto ukutsika ndi thukuta kuseri kwa khutu mpaka pakolala.

Nkhani yoyamba inali ya mwini hadiweya uja timamutcha a Simenti. Akufuna kumanga nyumba zosanja pabwalo lija tinkasewerapo mpira, lija madzi amadikhapo mvula ikagwa. Injiniya wa khonsolo anaimirira n'kuyamba kunena za ngalande, wapampando anangoti, "Tamva, tamva, zikomo. Ovomereza?" Manja mmwamba. Wogona uja anam'gogoda ndi chigongono, anakweza dzanja kaye, kenako n'kufunsa mnzake mokweza kuti, "Tikuvomera kapena tikukana?" Anthu anaseka, iyenso anaseka nawo. Nyumba za mabanja ambirimbiri pamatope zinadutsa ine ndisanapeze poika chikwama.

Itafika nkhani ya a Sisitala, onse maso anatseguka. Foni inaikidwa pansi. Aliyense anasanduka katswiri.

"Malo oimikapo magalimoto ndi ochepa," anatero khansala wa dera lathu, amene sanapondepo kwathu chivotereni. "Okalambawo aziimika kuti magalimoto awo?"

A Sisitala anayankha mwaulemu kuti, "Bwana, ambiri mwa iwo ngakhale kubafa sayenda okha."

"Nanga alendo awo?"

"Akanakhala ndi alendo ochuluka choncho, bwenzi nyumbayi isakufunika."

Sanawamve. Mayi wa kanema uja anafunsa za phokoso la ambulansi. Wina anafunsa za fungo. Wapampando anavula magalasi n'kunena pang'onopang'ono, ngati wapeza nzeru yaikulu, kuti, "Mayi, tinene zoona. Anthu amenewa azimwalira. Kodi msewu wa anthu olemekezeka uzikhala ndi maliro mwezi ndi mwezi?" Ndinamuyang'ana mdala uja akubwezera magalasi kumaso, ndipo ndinadzifunsa kuti iye akuganiza kuti akulowera kuti.

Kenako anati pali woimira anthu okhala mumsewumo, abwere kutsogolo. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya munthu wake. Anali achimwene. Achimwene athu, achemwali, a bere limodzi. Atavala jekete lija abambo anawasokera atayamba ntchito kubanki, limene pano silitsekanso pamimba.

Anayamba ndi kukhosomola ngati abusa. Anati, "Ife sitidana ndi okalamba ayi. Koma kholo silitayidwa kwa anthu achilendo. Kholo limasamalidwa ndi ana ake, pakhomo. Ineyo ndili ndi bambo anga odwala, ndipo monga banja tikuwasamalira tokha."

Holo yonse m'manja phwaphwaphwa. Monga banja! Munthu amene akabwera kwathu amaima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja, n'kumandiuza kuti nditsegule mawindo. Munthu amene sadziwa kuti mkono wakufa wa bambo ake ndi uti. Ndinapezeka ndaimirira. Ndinati, "A wapampando, amene akunenedwawo ndi bambo anga, ndipo amene amawasamalira ndi ine." Wapampando sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Mayi, simuli pa mndandanda wa oyankhula, khalani pansi." Mlonda anandigwira paphewa. Achimwene anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Komiti inakana kupereka chilolezo. Chifukwa chake akuti nyumbayo sikugwirizana ndi maonekedwe a msewu. A Sisitala anapinda mapulani awo mwakachetechete. Panja anandiuza kuti si ife tokha tinkadikira. Pali agogo ena amene mwana wawo amawakhomera m'nyumba akamapita kuntchito, poti alibe wowasiyira. Anati achita apilo, koma anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, mmene adzayankhe amenewa, bedi loyamba lidzakhala langa."

Achimwene anandipeza pamasitepe. Mukudziwa mawu awo oyamba? "Iwe, abambo wawasiya ndi ndani?" Kenako anatsitsa mawu n'kuti, "Usaitenge ngati ndikulimbana ndi iwe. Nyumba zathu zitsika mtengo, umvetse." Ndisanayankhe, a Simenti anawaimbira hutala, iwo n'kuthamanga kukakwera kutsogolo. Kuthamanga kwenikweni, jekete likuuluka.

Nditafika kunyumba ndinapeza abambo atadziipitsira, aneba akuchita manyazi kuwagwira. Ndinawasambitsa. Ndikuwapukuta msana maganizo anandibwerera, ndipo sindikubisirani, ndinawalandira ndi manja awiri.

Loweruka m'mawa ndinachita hayala kagalimoto ka katundu. Ndinakweza matiresi, njinga, beseni, matewera, mankhwala ndi wailesi yawo. Abambo ndinawaveka malaya awo abwino n'kuwakhazika kutsogolo. Anasangalala ndi ulendowo, njira yonse akuloza anthu. Tinapeza achimwene ali ndi kabudula, akutsuka galimoto. Alamu, akazi awo, anatuluka akumwetulira n'kuti, "Aa, mwabwera kudzacheza?"

Ndinati, "Abambo abwera kudzakhala. Ine ndi amene ndikubwerera."

Achimwene anataya payipi, madzi akuthirira mapazi awo. "Wapenga kodi iwe?"

"Ayi, achimwene, ndinakumvani ku holo. Munayankhula bwino kwambiri moti ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikukumanani mwayi wosamalira kholo lanu."

Anafuna kukuwa, koma aneba awo, omwe aja anawaombera m'manja, anali atatulukira pamipanda, ena makapu ali m'manja. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza, n'kuwauza kuti awa ndi bambo aja ananenedwa ku khonsolo. Mayi wina anati, "Ee, zimenezi ndiye zabwino!" Achimwene anamwetulira ngati munthu amene waponda msomali pamaso pa apongozi. Anawanyamula okha abambo mpaka m'chipinda cha alendo, ndipo anawagwira mkono wolakwika.

Ndinawaonetsa zonse: kutembenuza, kumwetsa madzi kuti asatsamwe, kudzoza mafuta m'chiuno. Pofika pa thewera, achimwene anatuluka kukalavula. Ndinawadikira. Atabwera ndinayambiranso poyamba.

Tsopano ndinene zimene simuzikonda. Nditabwerera kunyumba ndinagona mpaka dzuwa linandiwotcha kumaso. Lolemba ndinatsegula saluni nthawi yake, ndipo ndinadzimva ndikuimba ndikusesa. Ndinasiya tsache n'kukhala pansi. Sindinadziwe kuti munthu angathe kupepukidwa ndi kudzida nthawi imodzi. Chipinda chawo sindinachitsegulebe.

Ndimapitako madzulo aliwonse ndikatseka. Ndimapeza ndevu zometedwa mbali imodzi, mabatani osemphana, alamu atadzitsekera kuchipinda kuti mutu ukuwawawa. Wantchito wawo anachoka Lachiwiri. Achimwene atenga tchuthi kubanki, maso ali psuu. Dzulo anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sanachitepo chibadwireni. Kutsogolo kwathu kunali nyumba ya a Sisitala, yopentedwa bwinobwino, geti lokhoma. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi apilo ija ili pati?"

Ndinati, "Kafunseni anzanu a kutebulo lalitali. Inu amakupatsani mpata woyankhula."

Ndinkaganiza kuti mawu amenewo andikoma. Anandikoma pang'ono, sindinama. Koma nditabwerera m'nyumba kukatsanzika, abambo anandigwira dzanja ndi mkono wawo wamoyo uja, mwamphamvu ngati kale, n'kufunsa kuti, "Tipita liti kwathu?" Ndinakonza bulangete limene linali lokonzakonza kale. Achimwene amatha kunama pamaso pa holo yodzaza, ine ndinalephera pamaso pa munthu mmodzi.

Sindikudziwa kuti ndiwasiya kumeneko mpaka liti. Mwina pofika kalatayi ndidzakhala nditawatenga, poti mukundidziwa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanditumizirenso mavitamini, kapena mauthenga aja a mmene tingasamalire makolo athu mwachikondi. Ndili nawo okwanira. A Sisitala akufuna mabanja oti akaime nawo tsiku la apilo, ndipo achimwene sindikudziwa ngati adzalimbe mtima kukameza mawu awo pamaso pa aneba. Bwerani inuyo. Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire muli kuno, beseni lili m'manja, ndipo ndidzakumverani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana, amene agogo awo amangowadziwira pagalasi la foni. A Sisitala akuti moni. Achimwene sindinawafunse.

Abambo ndinawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Poyamba ndinaganiza kuti aiwala funso. Kenako anati, "Umuuze abwere msanga ndidzamuyeze. Diresi lake la ukwati sindinamalize." Sindinawakumbutse kuti mwana wanu woyamba ali kusekondale. Ndinangoti ndilemba, ndiye ndalemba monga ananenera.

Ndine mng'ono wanu,
wa kusaluni.