Emvulopu ya Chidindo Chofiira

Sakaiminato,
11 Malichi

Okondedwa achimwene a Noriaki,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Sumie. Kuno chisanu chayamba kutha, ngakhale mphepo ikulowabe pa mpata uja wa zenera la kukhitchini umene munati mudzakonza mukadzabwera. Makeke munatumiza pa chaka chatsopano aja anafika. Amayi anadyako awiri, otsalawo anakawaika pa kaguwa ka malemu bambo, patsogolo pa chithunzi chawo, mpaka anauma.

Pafoni mumakhala mukufulumira, n'chifukwa chake ndalemba. Ndinakhoza mayeso olowera sukulu ya anamwino othandizira ya kuno, ya zaka ziwiri. Musaseke. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anzanga ambiri adzakhala a msinkhu wa Kaho wanu. Mkulu wa sukulu anandifunsa ngati ndinasamalirapo wodwala. Ndinamuuza kuti bambo ndinawatembenuza pa mphasa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amayi chino n'chaka chachisanu chiyambire kuiwala. Iye anati zimenezo n'zolemekezeka kwambiri, kungoti sizilowa pa pepala.

Zimene zimalowa pa pepala ndi zaka ziwiri zija ndinaphunzira ku koleji bambo asanafe ziwalo. Anandiuza kuti ndikabweretsa chikalata cha zotsatira za mayeso anga akale, andichotsera maphunziro awiri amene ndinakhoza kale. Maphunziro amenewo amakhala masana a Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku omwewo ndi amene galimoto ya kumalo osamalirako okalamba imabweza amayi dzuwa lili paliwombo, ndipo sangakhale okha. Mwezi watha anaika ketulo yopanda madzi pamoto n'kupita kukafuna bambo kudoko. Mukuona tsono kuti sukulu yanga yonse inatsamira pa pepala limodzi limenelo.

Koleji yathu ija inatsekedwa kalekale, atsikana ofuna kuphunzirako anatha. Mabuku ake amasungidwa ku ofesi ina imene imayankha pakapita milungu itatu. Chikalatacho chinafika kutatsala masiku awiri kuti nthawi yochiperekera kusukulu ithe, chili mu emvulopu yomata, yodindidwa chidindo chofiira pomatapo, ndi mawu akuti ikatsegulidwa yatha ntchito.

Apa ndiye pali cholakwa changa. Mukukumbukira mmene tinkachitira sukulu ikatsekera? Tinkaika malipoti athu pa kaguwa kuti agogo awaone kaye, amayi n'kuwawerenga mokweza, inu mukundikodola ndi chala kumbuyo kuti ndiseke. Ndinakaika emvulopu ija pomwepo. Ndikanakonda kunena kuti chinali chifukwa cha ulemu, koma ndinkafuna kuti bambo aione, iwawawe. Kenaka ndinapita kukagula nsomba.

Pobwera ndinapeza amayi atagwada, atavala magalasi, lumo lili pambali. Anali ataidula bwinobwino m'mphepete, monga amadulira kalata iliyonse m'nyumba muno. Ankawerenga phunziro limodzilimodzi ndi mawu awo akale aja, omveka, amene sindinawamve kwa zaka zambiri. Atamaliza anayang'ana chithunzi chija n'kunena kuti, "Mwamva, bambo ake? Wapambana zonse. Noriaki sanabweretsepo zotere. Nanga tinamuitaniranji mwanayu kuti asiye sukulu?"

Ndinaima pakhomo ndi thumba la nsomba m'manja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudikira kuti wina m'nyumba muno afunse funso limenelo. Kalelo amayi anangondiuza pafoni kuti Noriaki watsala chaka chimodzi kuti amalize sukulu, iwe ndiwe mwana wamkazi, udzabwerera zinthu zikakhala bwino. Ndinalongedza usiku umodzi, mabuku ndinasiyira mnzanga kuti andisungire. Tsopano funsolo labwera amayi sakudziwanso kuti lero n'lachingati, ndipo landidyera chomwe ndinali nditangochipeza. Atandiona anandifunsa ngati ndine mtsikana wa galimoto ya okalamba.

M'mawa mwake ndinapita ndi emvulopu ija kusukulu. Mtsikana wa mu ofesi anaigwira ndi manja awiri, anaona podulidwapo, n'kuwerama kwambiri. Anapepesa katatu. Ndinamupempha kuti angowerenga, popeza pepalalo ndi lomwelo, silinasinthe. Anati akukhulupirira, koma lamulo silimulola, ndipo tsiku lomaliza ndi lomwelo. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti amayi anga ndi odwala mutu, kuti mwina amve chisoni. Sindinathe. Inali nthawi yokhayo imene mutu wawo unayenda bwino.

Ndiphunziranso maphunziro awiri aja kuyambira pachiyambi, Lachiwiri ndi Lachisanu, kuchokera Epulo mpaka Seputembala. Kumalo a okalamba ndafunsa, malo a masana adzaza. Azakhali a Teruko sangathandize, miyendo inawakana.

Ndamva kuti Kaho walowa yunivesite ndipo akukakhala komweko. Ndasangalala kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndamulukira mpango. Ndiye kuti chipinda chake chikhala chopanda munthu. Achimwene, sindinakupempheni kanthu bambo atagona zaka zonse zija, ngakhale pamene munkafika pa chikumbutso chawo n'kuyamikira kuti m'nyumba mukununkhira bwino. Lero ndikupempha miyezi isanu ndi umodzi yoti amayi akhale kwanuko. Ndikudziwa kuti munena za ntchito, za masitepe, za msana wa alamu. Zonsezo n'zoona. Zanganso zinali zoona.

Ndagula kale matikiti a sitima ya pa 5 Epulo, awiri obwera kwanuko ku Nagoya, imodzi yobwerera. Mankhwala ndawalemba pa pepala, pamodzi ndi nyimbo imene imawakhazika mtima pansi akayamba kulirira kwawo. Mpunga muziwaphikira wofewa. Makalata ofunika muziika patali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindikuwasungira kanthu kumtima. Kaho mumuuze kuti foni ikadzalira kuchokera kunyumba, adzayambe wamaliza kaye mayeso ake. Chikalata chija chidakali pa kaguwa, amayi amachiwerengera bambo m'mawa uliwonse ngati changofika kumene. Nawonso akupereka moni. Angondifunsa ngati munamaliza sukulu, ndipo ndawauza kuti munamaliza.

Ndine mlongo wanu,
Chizuru