Mabowo Anayi Kumbuyo kwa Kabokosi

Zingwangwa,
Blantyre.
12 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Ramsey,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kalatayi ndapatsira a Mwabi oyendetsa basi aja, chifukwa ndikakutumizirani mawu pa foni mumangomva theka n'kuyankha kuti "chabwino". Iyi yokha muwerenge mpaka pansi.

Choyamba, suti ya intavyu munandilonjeza ija musagule. Patha chaka chathunthu chivalireni gauni, makalata ofunsira ntchito ndamwaza Blantyre yense, wondiyitana palibe. Ine kudikira kwanditopetsa. Ndiye ndiulule: Loweruka lililonse, pamene amayi amati ndili kukosi ya makompyuta, ndimakhala ndikuvinitsa anthu m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Mlongo wanu ndi dijeyi, achimwene! Amanditchula DJ Mphezi, ndipo ndikaika nyimbo ngakhale azibambo a matayi amadzuka.

Koma mwezi watha ku Bangwe ndinachita manyazi. Laputopu yanga ili ndi potulukira mawu pamodzi pokha, ndiye chomwe ndikumva ine ndi chomwe holo yonse ikumva. Mukudziwa mmene zimakhalira pachinkhoswe, gulu lililonse likufuna nyimbo yakeyake, pompopompo. Akuchimuna akubwera ndi tambala wawo, ine ndinangodina nyimbo osayamba ndaimva. Inali ya mkazi amene akulongedza katundu kubwerera kwawo! Woyendetsa mwambo anakuwa pa maiki kuti, "Asisi a nyimbo, banjali silinayambe n'komwe, inu mwalithetsa kale?" Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ankhoswe okha sanaseke.

Mankhwala ake ndawapeza. Ndi kabokosi kotchedwa intafesi, kamalumikizidwa ku laputopu n'kugawa mawu panjira ziwiri: ina kumasipika, ina kumahedifoni. Anthu akuvina nyimbo iyi, ine ndikumvera kale yotsatira m'makutu mwanga ndekha, ndikuisakira poyambira pabwino. Ndikaganiza zimenezi mtima umachita kuthamanga!

Lachitatu ndinapita ku Limbe kwa a Ahmadi ogulitsa zamagetsi. Ndinaona kofiira, konyezimira, kotchipa, kali ndi bowo la hedifoni kutsogolo. Chikwama ndinali nditatsegula kale. Iwo anakatembenuza n'kunena kuti, "Mlongo, tawerengani mabowo akumbuyowa."

"Awiri."

"Basi, hedifoni ikupatsani zomwezo zimene zili m'masipika. Aka n'ka ojambula mawu m'situdiyo. Inuyo mukufunika ka anayi, apo ayi muthetsanso banja lina."

Achimwene, za ku Bangwe zija zinali zitafika mpaka ku Limbe! Ka anayiko iwo alibe, ndipo akuti akaitanitsa kafika mvula itagwa. N'chifukwa chake ndikupempha inu.

Mukalowa m'shopu musatengeke ndi timagetsi tothwanimathwanima monga mumachitira ndi mawailesi. Katembenuzeni. Pakhale mabowo anayi otulutsa mawu, olembedwa 1, 2, 3 ndi 4, ndipo wogulitsayo akuonetseni kuti hedifoni ikutha kumva za 3 ndi 4 pazokha. Kakhale kodya moto wa laputopu, kopanda pulagi yakeyake, poti majenereta a m'maholo muno amatsokomola nthawi ina iliyonse. Ngakhale kogwirapo kale ntchito palibe vuto, bola mukayese musanatuluke. Mtengo wake sufika wa suti.

Kafike pasanakwane pa 31, tsiku la ukwati wa Faith wa azakhali ku Chilomoni. A Malizani, apampando a komiti, ntchitoyo apatsa ine, ndipo alonjeza kuti sanena kwa aliyense. Amayi adzandiona koyamba tsiku limenelo nditavala mahedifoni. Ndikadzalakwitsa pamaso pa abale onse, laputopu adzaitsekera m'sutikesi. Ikadzayenda bwino, mwina adzaona kuti iyinso ndi ntchito.

Dzulo tikuchokera kutchalitchi anandituma. "Titho, a Malizani akuti mnyamata wa nyimboyo umamudziwa. Ukamuuze kuti ine podzuka kukafupa andiikire ija ankakonda malemu bambo ako. Ayambire pamene pamalira gitala paja, osati koyambirira." Ndinangoti, "Ndimuuza, amayi, ndi mwana womvera."

Moni kwa alamu anga a Jesinta, muwauze kuti chitenje cha ukwati ndawasungira. Amayi ali bwino, bondo lokha. Akumayeserera kuvina kukhitchini akaganiza kuti sindikuwaona. Musawauze kanthu, chonde. Nyimbo ya bambo ija mpaka lero imandigwetsa misozi, ndipo sindikufuna idzandidzidzimutse pamaso pa anthu. Ndikufuna ndidzayambe ndaimva ndekha m'makutu, ndipukute m'maso, kenako ndiwatsegulire amayi. Werengani mabowo, achimwene. Anayi.

Ndine mlongo wanu wosakhazikika uja,
Tithokoze