Mazenera a Kalasi ya Emelda

George, Lusaka

Okondedwa amayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukukulolani kupita kudimba? Ife tilipo, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mdzukulu wanu Emelda.

Lachiwiri anakomoka m'kalasi. Kuchipatala anati ndi mphumu, ndipo namwino anandifunsa ngati kumene mwanayu amakhala kumapita mphepo. Ine ndinayankha za kunyumba, osaganizako za kusukulu.

Dzulo ndinakadzionera ndekha. Akuba ataba mabenchi nthawi yozizira ija, komiti ya makolo inatseka mazenera onse ndi malata, timabowo tapamwamba n'kutsekanso ndi masaka chifukwa cha fumbi. Tsopano ndi Okutobala. Ana apanikizana ngati m'minibasi, fungo la thukuta ndi choko lili thoo. Ndinangoima pang'ono, mutu unayamba kuwawa. Aphunzitsi awo, a Fackson, anandiuza kuti pofika masana ana ambiri amakhala akuwodzera, ena akutsokomola, ndipo iwowo amaphunzitsa ataima pakhomo.

A komiti akukana kutsegula. Akuti mabenchi akabedwanso ana adzakhala pansi. Pakamwa panga mukupadziwa, amayi. Ndinawafunsa ngati benchi limapuma, ndipo sitinasiyane bwino.

Chondipweteka n'chakuti amene anawotcherera malatawo ndi mkamwini wanu, a Dyton. Inali ganyu, ndipo ankanyadira kuti ngakhale khoswe sangalowe. Chiyambire Lachiwiri sakudya bwino, sakuyankhula. Dzulo anabwereka makina odulira zitsulo. Akuti Loweruka akachotsa malatawo n'kuikapo zitsulo zotchinga akuba, komiti ifune isafune. A komiti nawo akuti akangokhudza malatawo, aitana apolisi. Ndikuopa, amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Zikavuta Loweruka, ndimutumize Emelda kwa inu akaphunzire konko, ngakhale mayeso ayandikira. M'chipinda muja sindimubwezeramo chili chotseka.

Iyeyo sakufuna kuchoka, ndiponso akuopa kuti bambo ake amangidwa. M'mawa uno anawagwira dzanja n'kuwapempha kuti asachotse malata onse, angomuboolera kabowo kamodzi pafupi ndi benchi lake, kakang'ono koti wakuba sangalowepo. Bambo ake anatuluka panja, makina ali m'manja.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga onse. Mutikumbukire m'mapemphero Loweruka.

Ndine mwana wanu,
Maggie